Moto wa kwa mnansi sudziwa malire

Dziko la Mozambique litalandira ufulu pa 25 June 1975, boma la Frelimo linalanda sukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo mu 1977 linalengeza kuti likutsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin. Akhristu ambiri kuno tinagwidwa ndi mantha. Boma la Dr Kamuzu Banda, lomwe linali pa ubale ndi boma la tsankho la South Africa kuyambira 1967, silinkaonana bwino ndi Samora Machel.

Kodi mnansi wotere mumatani naye? Rhodesia ndi South Africa anasankha kumufooketsa popereka zida kwa zigawenga za Renamo. Mozambique inkadandaula kuti zigawengazo zimabisala m'dziko lathu, boma lathu nkumakana. Mu September 1986 Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu maso ndi maso, ndipo Machel atabwerera kwawo anaopseza kuti atseka malire.

Nanga anavutika ndani? Njanji za ku Beira ndi Nacala zitaonongedwa, katundu wathu ankazungulira ku Durban. Mafuta ndi feteleza zinakwera mtengo, ndipo mayi wa ku Ndirande kapena ku Bangwe, amene dzina la Marx sanalimvepo, ndiye anasenza mtolowo. Anthu othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni anadzaza Nsanje, Mulanje, Mwanza ndi Dedza. Pofika 1987 asilikali athu anali kulondera njanji ya Nacala kuti Renamo yomweyo isaiphwanye.

Pa 2 Mafumu 16 timawerenga za Ahazi, amene poopa adani oyandikana naye anaitana mfumu ya Asuri, naipatsa siliva ndi golide wa m'Kachisi. Adaniwo anagonja, koma Yuda anasanduka wolipira msonkho kwa womuthandizayo. Mantha amatipalitsa ubwenzi umene pambuyo pake umatidya.

Nkhondo ya ku Mozambique sinathe ndi mfuti. Frelimo inasiya yokha chiphunzitso cha Marx mu 1989, ndipo mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, atayimira pakati Akhristu a Sant'Egidio ndi Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira.

Abale, mu December 2024 anansi athu anathawiranso ku Nsanje chifukwa cha ziwawa za chisankho. Atsogoleri athu akumbukire kuti boma limene sitigwirizana nalo maganizo timalankhula nalo poyera, sitilikolezera moto kuseri. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Tiwapempherere kuti Mulungu awapatse nzeru imeneyi.