Alawansi ikulipira adokotala kuti asiye odwala

Mwezi watha ndinaperekeza mayi anga aang'ono kuchipatala china chaching'ono kumapiri a ku Ntchisi. Tinanyamuka tambala atangolira, n'kukapeza mabenchi odzaza koma adokotala kulibe. "Ali kuwekishopu ku Mponela," anatero alonda. Namwino mmodzi ndiye ankathamanga pakati pa amayi oyembekezera ndi ife tonse.

Ndisaname, ndinatukwana chamumtima. Koma pobwerera ndinawerengera bwinobwino. Kliniko ofesala wa boma, amene kumudzi timangoti adokotala, amalandira malipiro omwewo kaya waona odwala khumi kaya zana, kaya wafufuza matenda modekha kaya wangolemba Panado. Ndalama yooneka imabwera akachoka: masiku angapo muholo ku Mponela, envelopu ya alawansi m'thumba. Inuyo mutamaliza sukulu, lendi ikukudikirani, abale akukuyang'anani, mungatsale?

Choseketsa n'chakuti Mponela ili m'boma la Dowa, loyandikana ndi Ntchisi. Ndalama zophunzitsira anthu kusamala odwala zikudyedwa makilomita ochepa kuchokera pamene odwalawo akuwodzera pamzere.

Njira zina tinaziyesapo. Mu 2005 boma, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, linawonjezera 52 peresenti pa malipiro a ogwira ntchito zaumoyo. Zinathandiza kuti anthu asamathawe ntchito, koma ndalamayo sinkafunsa ngati munthu ali ku Lilongwe kapena ku Nthondo. Mu 2013 kunabwera RBF4MNH ku Balaka, Dedza, Mchinji ndi Ntcheu, ndi ndalama za Germany ndi Norway: zipatala ndi antchito ake ankalandira bonasi akasamalira bwino uchembere. Dowa ndi Ntchisi sanalawe nawo, ndipo inali pulojekiti ya madona, inatha.

Ena akuti tizilipira potengera kuchuluka kwa odwala. Ayi ndithu. Tikatero chipatala chisanduka chigayo: lowani, LA uyu, wotsatira! Wodwala shuga kapena BP, wofunika kukhala naye pansi, adzaoneka ngati wotayitsa nthawi.

Chimene ndikufuna ine n'chosavuta kumva. Unduna wa Zaumoyo uchepetse mawekishopu, aphunzitsi azipita okha kuzipatala, ndipo ndalama ya alawansiyo iziperekedwa mwezi ndi mwezi kwa amene amagona kumudzi n'kudzuka usiku mayi akayamba kumva zowawa. Mayi anga aang'ono anabwerera opanda mankhwala tsikulo, ndipo ulendo wachiwiri tinachita kugulitsa nkhuku kuti tilipire kabaza.