Ndinakwera Ndege Kukaona Cimene Cinabadwira ku Kitwe

Pa chuthi cina ndinakaceza ku London kwa akulu anga, amene ndi namwino kumeneko. Usiku wina anagula matikiti awiri, nati tikaonere "gulu la kwathu". Ine ndinayesa kuti ndi kwaya. Tinalowa m'holo yodzaza thothotho: madoda a ndevu za imvi, atsikana a msinkhu wa ana anga a Giredi 12, pafupifupi onse azungu. Magetsi atathima, pa siteji panatulukira mdala wopitirira zaka 70, nayamba kudumpha ngati mwana wa mbuzi. Anali a Emmanuel "Jagari" Chanda, ndipo gululo linali WITCH.

Gitala itabangula, mnyamata wacizungu amene anaima pafupi nane anayamba kuimba mawu onse pamtima. Atamva kuti ndine wa ku Zambia, anandigwira dzanja ngati ndine mbale wao wa a Jagari, nandifunsa cimbale cimene ndimakonda koposa. Ndinangomwetulira. Ine, mphunzitsi wa digiri, wokulira m'Matero, sindinadziwe nyimbo ngakhale imodzi. Manyazi amenewo ndiwo andilembetsa nkhaniyi, ndipo sindifuna kuwasenza ndekha. Ndi anunso.

WITCH inayambira ku Kitwe kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndalama za mkuwa zikali kuyenda. Anyamata a m'makomboni a migodi anamva Jimi Hendrix ndi Rolling Stones, natenga gitala yaukaliyo n'kuisakaniza ndi kagundidwe ka ng'oma za kwathu. Dzina lakuti Jagari linacokera kwa Mick Jagger. Nyimbozo ndizo zichedwa Zamrock. Magulu anaphuka ngati bowa: Amanaz, Ngozi Family, Musi-O-Tunya, The Peace, ndipo a Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'Zambia. Mu 1975 WITCH inatulutsa cimbale cake cochuka, Lazy Bones!!

Kenako mtengo wa mkuwa unagwa. Lamulo loletsa kuyenda usiku linapha madansi. Edzi inadzamaliza nchito, ndipo mwa oimba a WITCH a masiku oyambawo anatsala ndi a Jagari okha. Anaphunzitsako nyimbo, pambuyo pake n'kukathera ku maenje, kukumba miyala ya mtengo wapatali. Ife tinali kuti? Amene anafufuza zimbalezo n'kuzitulutsanso mu 2012 ndi kampani ya ku Los Angeles, Now-Again Records. Amene anajambula filimu ya moyo wao ndi Gio Arlotta, mnyamata wa ku Italy.

Ndikakamba zimenezi m'cipinda ca aphunzitsi ndimamva zifukwa zitatu, ndipo palibe cogwira mtima.

Coyamba, akuti roko ndi ya azungu. Nanga hip hop imene mumaimba m'minibasi inabadwira ku Kanyama? Inacokera ku New York, munaiphunzitsa Cinyanja ndi Cibemba, lero ndi yanu. Atate athu anacita cimodzimodzi ndi gitala, zaka 50 zapitazo. Ena amadandaula kuti kumbuyo kwa a Jagari ndi a Patrick Mwondela tsopano kumaima anyamata a ku Ulaya. Zoona, ndinawaona. Koma iwo anaphunzira nyimbozo, ife sitinaphunzire. Mlendo akalima munda umene mwini anausiya, wocita manyazi asakhale mlendoyo.

Caciwiri, akuti dzina lokhalo likununkha ufiti. WITCH ndi zilembo zoyamba za mawu a Cingelezi otanthauza kuti "tifuna kuyambitsa cipwirikiti". Cipwirikiti cake cinali ca anyamata ovala nsapato zazitali ndi mabuluku okula kumiyendo, osati ca lichero louluka usiku. Timathamangira kucha Satana ciliconse cimene tacita ulesi kucimvetsa.

Cacitatu, akuti ndalama kulibe. Apa sindinyoza munthu. Mtengo wa thumba la unga ndimaudziwa, malipiro a mphunzitsi ndimawadziwanso. Koma ya mabando a TikTok imapezeka, ya kubecha mpira wa ku England imapezeka tsiku lililonse. Ikafika nthawi ya woimba wa kwathu, timaima pa geti kufunafuna wotidziwa kuti atilowetse ulere. Mzungu uja analipira, pomaliza n'kugulanso cimbale ndi sikipa. Ndiye musadabwe kuti gulu limapita kumene kuli cakudya.

Cimene cimandipsetsa mtima koposa ndi ici. Mu 2024 Tyler, the Creator anatenga cidutswa ca nyimbo ya Ngozi Family n'kuciika mu Noid. Mwadzidzidzi ana a m'kalasi mwanga anayamba kufunsa za Paul Ngozi. Munthu amene anamwalira mu 1989, amene msewu wina ku Kabwata uchedwa dzina lake, anayembekeza Mmereka kuti amudziwitse kwa adzukulu ake. Cathu sitimaciona kukoma kufikira mlendo atacinyambita.

Mlandu suli pa acinyamata okha. Aphunzitsife timawaloweza mayina a mitsinje ya maiko ena, koma osawauza kuti m'Chamboli munatuluka gulu limene lero likudzaza maholo a ku Ulaya ndi America. Oulutsa mawu pa wailesi amakumbuka nyimbozi pa 24 Okutobala cabe. Nditabwerako ndinaimbitsa Lazy Bones!! m'kalasi. Mnyamata wina wa kumbuyo, uja amene amagona pa phunziro lililonse, anadzuka nafunsa kuti, "Ba Ticha, aba ni ba ku America?" Nditamuuza kuti ndi a ku Kitwe anaseka, poyesa kuti ndikumunamiza.

Mu 2023 WITCH inatulutsa cimbale catsopano, Zango, patapita zaka 39. Mdalayo akali kuimba, koma sadzadumpha mpaka kalekale. Ife a Zambia maliro timawadziwa: tidzagula nkhata za maluwa, andale adzakamba zokoma, Facebook idzadzaza zithunzi. Ine nkhata sindidzasonkhera. Foni muli nayo m'manja. Usiku uno funani nyimbo imodzi ya WITCH kapena Amanaz, muimvere mpaka kumapeto, ndipo mufunse ambuye anu ngati anaivinapo. Mukadzamva kuti a Jagari akuimba mu Lusaka, tidzakumane pa geti, aliyense ndi tikiti yogula yekha.