Khofi wa K35 mu komboni: ndalowa, ndamwa

Pa njira imene ndimapita m'mawa kukakwera basi ku Chilenje pali kashopu katsopano, ka magalasi aakulu ndi tumipando tunayi panja. Kwa miyezi itatu ndakhala ndikungopitirira osalowa. Fungo la buledi limandikoka mphuno kuyambira pa kona, koma pa khomo analemba kuti Bakery & Coffee, ndipo liwu lachiwirilo ndiye linali kundiyopsa. Ise tinakulira pa zigolo, abale. Khofi wa mu tumakapu tinali kumuonera ku Manda Hill ndi ku East Park, m'manja mwa anthu a ku mayadi amene akhala ndi laputopu maola atatu monga alibe bwana. Manje mu komboni? Ndinaganiza kuti mwina munthu wasowa poika ndalama zake.

Pa Chiwelu chapitachi, malipiro atangolowa, ndinalimba mtima.

Chinthu choyamba chimene ndinaona ndi chakuti mzere wonse unali wa anthu anga. Kamwana ka mapatapata kanabwera ndi K10 yopindapinda m'manja kufuna mabanzi. Mudala wina wa yunifomu ya ulonda, wochoka ku night, anagula hafu ya buledi. Amai awiri a tuntemba anali kuwerengera masikono mu dishi kuti akagulitse. Palibe ndi mmodzi yemwe anayang'ana ku mashini a khofi amene anali kung'anima pa kona monga galimoto ya ukwati.

Itafika nthawi yanga ndinayang'ana pa bolodi. Espresso, Americano, cappuccino, latte. Ndinasankha choyamba chifukwa ndiye chinali chotchipa. Ba sista a pa kaunta anandiyang'ana kuchoka ku nsapato kufika kumutu.

"Ba boss, munamwapo kale iyi?"

"Iyayi."

"Ni kang'ono maningi, futi kababa. Muzakwiya ati nakubelani. Tengani cappuccino, ili na mukaka."

Anandipulumutsa, ndipo nanu ndikupulumutseni. Espresso ndi khofi weniweni wopanda chosakaniza, madzi otentha opanikizidwa ndi mashini kupyola mu khofi wogaya. Amabwera mu kakapu kamene mungamalize ndi kumeza kuwiri. Americano ndi espresso yomweyo yothirako madzi otentha kuti kapu idzale. Cappuccino ndi espresso ya mkaka wotentha ndi thovu pamwamba, ndipo latte ndi mbale wake wa mkaka wambiri. Ndiye chinsinsi chonse chimene takhala tikuopa. Mayina chabe a Chitaliyana.

Ndinalipira K35 pa kapu imodzi, ndipo mtima unachita kuti phwii. Ndalama imeneyo pa msika ndi tomato, anyezi, rape ndi kapamela ka saladi, nyumba yadya. Ndinaonjezapo sikono limodzi lotentha, ndikukakhala pa kampando pafupi ndi zenera.

Kunena zoona, kumeza koyamba sikunandikondweretse. Lilime langa linazolowera Ricoffy ya masupuni atatu a shuga, ndipo Ricoffy muli chikore wosakaniza ndi khofi, ndiye chifukwa chake ndi wofatsa pakamwa. Uyu anali ndi ukali wake. Ndinathira shuga wa Nakambala supuni ziwiri, osachita manyazi, ndipo zinthu zinayamba kuyenda. Koma sikono lija, mayo! Kunja kouma pang'ono, mkati mofewa, nthunzi ikutuluka. Silinali monga aja a mu pulasitiki amene umachita kukankhira ndi madzi.

Mzere utachepa, eni ake a shopu anatuluka ku uvuni, fulawa mpaka m'zigongono. Ndi amai a zaka zofanana ndi amai anga aang'ono. Ndinawafunsa molunjika ngati khofi amayenda muno.

Anaseka. "Mwana wanga, khofi siilipila rent. Vamene vinisunga ni mabanzi ya ma 05. Khofi ni ya mwana wanga mukazi, ndiye ananikakamiza."

Tinakamba nthawi yaitali, ndipo zambiri zimene anandiuza sizinali za khofi. Amauka 02 koloko usiku kukanda fulawa. Mtanda ukathiridwa yisiti umafuna nthawi yake kuti ufufume, ndipo ukafufuma sudikira munthu. Uvuni ukapanda kuyaka pa nthawi yake, mtanda umapitirira, umasasa, umagwa, ndipo thumba lonse la fulawa lapita. Ndiye ganizirani chaka cha 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse. Boma linalengeza chilala chija kukhala tsoka la dziko mu February chaka chomwecho. Amaiwa nthawi imeneyo anali kuphikira kunyumba. Akuti anataya mitanda kangapo, mpaka anapita kwa owotcherera zitsulo kukapangitsa uvuni wa dramu wa malasha. Ndalama ya chilimba itawagwera anagula uvuni wa gasi, ndipo ndi umene uli kumbuyo kwa shopu lero. Wa malasha sanautaye. Uli pa kona, wophimba ndi saka, "ngati vinthu vabwelela."

Ngakhale fulawa nayo imadalira malaiti. Tirigu wathu salimidwa ndi mvula. Amamulima nthawi yozizira pa mafamu aakulu a ku Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka, pothirira ndi mapaipi aja ozungulira amene mumaona mukamapita ku Copperbelt kapena ku Southern. Mapampu akaima, tirigu amachepa, fulawa imakwera, ndipo banzi imene munali kugula dzulo lero yafota monga yadwala. Tikamakalipira mai wa kantemba kuti mabanzi achepa, nkhani inayambira kutali.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kathumba ka khofi kamene mwana wao anandionetsa. Ndinali kuganiza kuti kachoka ku Brazil kapena ku South Africa. Iyayi, ndi wa pa Zed pompano. Khofi wa mtundu wa arabica amalimidwa ku Northern Province, cha ku Kasama, ndiponso ku mapiri a Munali pa msewu wa ku Mazabuka. Wambiri amapita kunja asanakazingidwe, azungu amumwa kumeneko namutamanda, ise kuno tili kugula wa mu chitini. Ndapita pa Munali ndi basi kambirimbiri, maso ali pa mathiraki okwera phiri mopemphera, osadziwa kuti pafupi pomwepo pali chinthu chimene ndimachiopa pa bolodi.

Manje funso limene mukufuna ndi lakuti, kodi K35 ndi yoyenera? Kwa munthu wa malipiro monga anga, tsiku ndi tsiku iyayi. Amene azakuuzani kuti muzimwa cappuccino m'mawa uliwonse sakukufunirani zabwino, muzathera kwa a kaloba. Koma ndili pa kampando kaja ndinaona chinthu china. Panalowa mnyamata ndi mtsikana, onse ovala bwino za salaula yosita. Anagula tiyi awiri ndi masikono, nakhala pafupifupi ola lathunthu, kukamba motsitsa mawu. Palibe anawathamangitsa. Palibe woledzera anabwera kupempha ka two kwacha kapena kuitana mtsikanayo mayina.

Tiyeni tiwerenge malo amene tili nawo mu komboni ngati ufuna kukhala pansi ndi munthu. Kunyumba muli anthu seveni mu zipinda ziwiri, ndipo ba landlord ali pa khonde kuwerenga amene alowa. Ku bar nyimbo ili pamwamba, ndipo mtsikana wolongosoka akaoneka kumeneko, mawa komboni yonse yamva. Ku tchalitchi ba deacon ali ndi maso anayi. Chotsala ndi kuimirira pa kona monga mbala, kapena kukwera mabasi awiri kupita ku mall, kumene transport yokha yadya theka la ndalama usanagule chilichonse. Kashopu aka kali pamtunda woyenda ndi miyendo. Tiyi ndi K10. Amene afuna kulemba kalata yofunsira ntchito pa foni, kapena kukambirana za chilimba popanda ana kulira, mpando ulipo.

Zolakwika ziliponso, sindizabisa. Mipando ndi yochepa, ndipo iwiri ya panja imalandira fumbi lonse la mabasi. Soketi yochajira foni ndi imodzi chabe, anthu achita kuyang'anizana. Malaiti akapita, buledi amapsa ndithu pa gasi, koma mashini a khofi amagona, ndiye mungavale bwino n'kupeza tiyi chabe. Ndipo bolodi lija lifunika munthu alembepo m'chinyanja kuti ichi n'chiyani, chifukwa si onse azapeza ba sista achifundo monga ndinapeza ine. Ndinawauza amai aja zimenezi. Anati choko chilipo, ndibwere ndilembe ndekha.

Potuluka ndinagula buledi mmodzi wa kunyumba, akali wotentha mpaka pulasitiki kuchita thukuta. Pofika pa geti kona imodzi inali itatha kale. Madam anayang'ana buledi, nayang'ana ine, ndikufunsa ngati mu shopu muja muli makoswe.