Penshoni ya Antchito a m'Makhonsolo Isathere Papepala

Monga tonse tikudziŵa, m'chaka cha 2011 dziko lino lidayamba kutsata lamulo lokakamiza olemba anthu ntchito kuti azisungira antchito awo ndalama za penshoni. Lamulolo lidati wolemba ntchito azipereka ndalama zosachepera K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, wantchito naye azidulidwa K5, ndipo zonsezo zizipita ku thumba la penshoni. M'chaka cha 2023 padabwera lamulo lina m'malo mwake, koma mfundo imeneyi idatsala. Ife tikuti lamuloli nlabwino ndithu. Komabe akuluakulu adati walira mvula walira matope, ndipo matope ake akuonekera kwambiri m'makhonsolo.

M'Malaŵi muno muli makhonsolo 35. Aphunzitsi, anamwino ndi alangizi amene ali pansi pa makhonsoloŵa amalipidwa ndi ndalama zochokera ku Boma. Koma palinso ena olembedwa ndi khonsolo mwini wake: osesa m'misika, odula ziphaso, alonda ndi otaya zinyalala. Aŵa malipiro awo amachokera ku ziphaso za pamsika, ziphaso za malonda ndi msonkho wa nyumba, ndalama zimene sizikhazikika.

Tiyeni tiŵerengere limodzi. Tiyerekeze khonsolo ya antchito 500, aliyense wolandira K200,000 pamwezi. Gawo la khonsoloyo lokha ndi K10 miliyoni pamwezi, ndiye kuti K120 miliyoni pachaka. Pamwamba pa apo pali inshuwalansi ya moyo imene lamulo limafuna, komanso ngongole ya zaka zimene antchito akale adagwira lamuloli lisanabwere. Tsono khonsolo ilipira kaŵiri panthaŵi imodzi: za dzulo ndi za maŵa zomwe. Uwu ndiwo mtengo weniweni wa kusinthaku, ndipo kuubisa sikuuchepetsa.

Ndalama zikavuta, chiyeso chimakhala chakuti adule K5 ija pa malipiro a wantchito koma osaitumiza, namati adzabweza zinthu zikakhala bwino. Ndalama imeneyo si ya khonsolo ayi, ndi thukuta la mwini wake. Ikachedwa kufika ku thumba siibala phindu, ndiponso imatha mphamvu. Tikumbuke kuti mu November 2023 Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ngongole yobwezedwa patatha zaka zambiri, pa chiŵerengero chomwechija, ndi ngongole yobwezedwa moperewera.

Anzathu a ku Zambia ali ndi phunziro kwa ife. Kuyambira m'chaka cha 2000 antchito atsopano a m'makhonsolo adayamba kusonkha ku bungwe la NAPSA, ndipo thumba lakale la Local Authorities Superannuation Fund lidatsala ndi anthu oyandikira kupuma, popanda achinyamata osonkhamo. Makhonsolo ambiri nawo sadali kutumiza zosonkha panthaŵi yake. Mapeto ake, anthu opuma pantchito adadikira ndalama zawo zaka ndi zaka.

Ena akuti popeza makhonsolo ngosauka, ndi bwino kuwapeputsira lamuloli. Ife sitikuvomereza. Kutero nkusamutsa katundu kuchoka pamutu pa khonsolo kumuika pamutu pa nkhalamba imene yasesa msika zaka 30.

Choyenera kuchitika nchodziŵika. Khonsolo iliyonse iŵerengere ngongole yake ya penshoni ndi kuilemba poyera m'ndondomeko ya chuma ya chaka chilichonse. Ndalama za penshoni zizituluka tsiku limodzi ndi malipiro, asanalipire ndalama za misonkhano ndi maulendo. Pa ngongole yakale, Unduna wa Zachuma pamodzi ndi komiti yoona za chuma cha makhonsolo apangane ndi khonsolo iliyonse zobweza pang'onopang'ono, pakuti tsokonombwe adatha mtunda nkudumpha. Gavanala wa Reserve Bank, amene lamulo lidamupatsa udindo woyang'anira za penshoni, asaone nkhope: chimene afuna kwa kampani achifunenso kwa khonsolo.

Nanunso eni nyumba ndi amalonda, perekani msonkho panthaŵi yake ndipo muziitanitsa lisiti, kuti ndalamazo zifikedi ku khonsolo. Inu antchito, musadikire tsiku lopuma. Funsani chikalata cha penshoni yanu chaka chino, muone ngati zimene akukudulani zikufika kumene ziyenera kupita.