Nkhono Sionetsa Maso mu Okutobala

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene anakulira kumudzi akudziwa mmene zimakhalira. Ukaitola nkhono n'kumaigogoda, imalowa m'chigoba ndipo ungadikire mpaka dzuwa kulowa. Ukaiika pansi n'kukhala phee, timinyanga tija timatuluka tokha. Mwambi umenewu wakhala ukundizungulira m'mutu mwezi uno, pamene mpira wamiyendo wa m'makoleji kuno ku America wafika pakatikati ndipo ochemerera ayamba kale kugawa maliro ndi maukwati: timu yakuti yatha, timu yakuti chikho n'chake.

Loweruka lina ndinapita kukaonera masewero pa kakoleji kena kumpoto kwa Indiana, kumene mwana wa mnzanga amasewera kumbuyo. Bwalo lake ndi laling'ono, anthu osakwana mazana atatu, makolo atakhala pa timipando topinda atafunda mabulangete m'miyendo, masamba ofiira a mitengo akuuluka n'kumagwera m'mphepete mwa mzere. Timu ya mwanayo inali itagonja kawiri motsatizana, ndipo tsikulo inangofanana mphamvu ndi alendo, chigoli chimodzi kwa chimodzi. Wezulo yomaliza isanazizire n'komwe, bambo wina amene tinabwera naye, Mmalawi mnzathu, anali atatsegula kale foni kuonetsa mndandanda wa matimu a m'chigawocho.

"Achimwene, taonani apa," anatero. "Chaka chino palibe chathu. Kochi ameneyu wasowa nzeru, ndipo pakati pajapo palibe munthu."

Bambo ake a mnyamata uja sanayankhe. Ankayang'ana mwana wawo, amene anali atakhala pa udzu akumasula bandeji pa kakolo, chikwama cha mabuku chili pambali pake. Lolemba lake anali ndi mayeso. Lachitatu anali ndi masewero ena, ulendo wa maola anayi pa basi.

Sindikudana ndi mkangano wa ochemerera ayi. Mpira wopanda mkangano ndi ndiwo zopanda mchere, ndipo kwathu a Bullets ndi a Wanderers akanaleka kutsutsana m'minibasi, theka la kukoma kwa ligi likanapita. Chimene ndikukana ndi kugamula mlandu mboni zisanathe kulankhula. Ligi yaikulu ya kwathu ili ndi matimu 16 ndipo iliyonse imasewera masewero 30, choncho ikafika pakati munthu amakhala ataona masewero 15 ndipo ali ndi poimira. Mpira wa m'makoleji kuno, umene umayendetsedwa ndi bungwe la NCAA, umayamba kumapeto kwa Ogasiti, ndipo pofika kumayambiriro kwa Novembala masewero a ligi amakhala atatha. Timu imasewera masewero osafika 20, kawirikawiri awiri pa sabata. Ndiye kuti "pakati pa nyengo" pamene tikukanganirapa ndi masewero asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi okha. Penate imodzi yolakwika, goloboyi mmodzi wodwala chimfine, mpira umodzi womenya chitsulo n'kubwerera, zimasintha nkhope yonse ya mndandanda.

Amene amagamula msanga ali nawo mwambi wawo, ndipo sindiupeputsa: m'mera m'poyamba. Akunena zoona ndithu kuti m'nyengo yaifupi chotere, mbewu ikapserera mu Seputembala nthawi yobzalanso imachepa. M'gulu lapamwamba la Division I, matimu aamuna 48 okha ndiwo amalowa mumpikisano wa chikho cha dziko lonse. Ena amalowa chifukwa atenga chikho cha ligi yawo, otsalawo amachita kusankhidwa ndi komiti, ndipo komitiyo imawerenga masewero onse, a mu Ogasiti omwe. Koma mlimi amene ananena kuti m'mera m'poyamba ankalangiza mwini munda kuti alimbikire kupalira. Sankauza wodutsa m'njira kuti aloze chimanga chofika m'mawondo n'kulengeza kuti pakhomopo pagona njala. Mwambiwu ndi wa kochi ndi osewera ake. Ife okhala pa timipando topinda, wathu ndi wa nkhono uja.

Taganizirani za timu ya University of California, Santa Barbara m'chaka cha 2006. Pakati pa nyengo inali itapambana masewero 7 n'kugonja 6. Aliyense wowerenga manambala akanati anyamata a kochi Tim Vom Steeg ayambe kuganiza za chaka chamawa. Anadzuka, anapambana masewero otsatizana, analowa mumpikisano wa dziko lonse asali m'gulu la matimu 16 amene amapatsidwa ulemu woikidwa patsogolo, ndipo mu Disembala, mumzinda wa St. Louis kukuzizira koopsa, anagonjetsa UCLA 2-1 n'kutenga chikho. Ophunzira anzawo kusukulu anasangalala mpaka ananyamula golo pabwalo lawo n'kukaliponya m'nyanja ya Pacific. Ndimadzifunsa kuti mwa amene ananyamula gololo, ndi angati amene mu Okutobala ankanena kuti timuyo yatha.

Si nkhani ya kamodzi. Marshall University, ya mumzinda wa Huntington ku West Virginia, inatenga chikho cha nyengo ya 2020, chimene chinaseweredwa mu Meyi 2021 chifukwa cha mliri wa Covid-19. Nayonso sinali m'gulu la oikidwa patsogolo, ndipo inagonjetsa Indiana, timu ya zikho 8, ndi chigoli chimodzi cha Jamil Roberts m'nthawi yoonjezera. Syracuse ya kochi Ian McIntyre inayamba nyengo ya 2022 isakuwerengedwa n'komwe pakati pa akuluakulu, koma inamaliza ndi chikho itagonjetsa Indiana yomweyo pa mapenate. Ndipo mu Disembala 2024, Vermont, sukulu imene mbiri yake pa masewero inali ya kutsetsereka pa chipale chofewa, inali kumbuyo ndi chigoli chimodzi mpaka mphindi khumi zomaliza, inabweza, kenako Maximilian Kissel anamwetsa chachiwiri m'nthawi yoonjezera. Amene anagonja tsikulo anali Marshall, omwe aja anadabwitsa anthu zaka zitatu m'mbuyomo. Chaona mnzako chapita.

Wina anganene kuti ndikungotola nkhani zokoma n'kusiya zambirimbiri za matimu amene anayamba moipa n'kumalizanso moipa. Ndikuvomera. Timu yamphamvu kawirikawiri imakhala yamphamvu kuyambira poyamba. Ku Division III, kumene ophunzira salandira thandizo la fizi chifukwa cha mpira, Messiah ya ku Pennsylvania inatenga zikho 11 pakati pa 2000 ndi 2017, ndipo sinkachita kubisala mu Seputembala. Koma ngakhale kumeneko, taonani zimene zinachitika mu 2014. Tufts ya ku Massachusetts inatulutsidwa pa masewero oyambirira a chikho cha ligi yake ya NESCAC, inalowa mumpikisano wa dziko lonse mochita kusankhidwa, inakachotsa Messiah yomweyo ndi chigoli chimodzi, n'kutenga chikho chake choyamba. Pofika 2019 inali nazo zinayi. Ngati kumapeto kwa ligi kunanamiza anthu chotero, nanji pakati pake?

Vuto lalikulu limene ndimaliona m'mikangano imeneyi ndi lakuti ambiri otsutsana sanaonere masewero amene akukambawo. Kandimverere anakanena za m'maluwa. America ndi dziko lalikulu, makoleji osewera mpira alipo mazanamazana, ndipo palibe munthu angaone onse. Choncho wochemerera wa ku Ohio amaweruza timu ya ku New England pongoona zigoli pa foni. Amati: timu yathu inagonjetsa akutiakuti 3-0, akutiakutiwo anafanana mphamvu ndi inu, ndiye kuti ife tikukuposani. Masamu oterewa amakoma pakamwa koma mpira suyenda choncho. Zigolizo sizinena kuti tsikulo kunagwa mvula bwalo n'kusanduka dambo, kapena kuti otchinga kumbuyo awiri anatsala kusukulu chifukwa chovulala, kapena kuti timuyo inasewera Lachisanu usiku n'kuseweranso Lamlungu masana. Ngakhale mndandanda umene makochi a bungwe la United Soccer Coaches amatulutsa sabata ndi sabata, wa m'zigawo ndi wa dziko lonse, ndi maganizo a anthu otanganidwa ndi matimu awo, amene sangathe kuonera aliyense.

Komiti yosankha matimu ikudziwa kuti kupambana kokha sikunena zonse, n'chifukwa chake ku Division I imagwiritsa ntchito kawerengedwe kotchedwa RPI. Pa kawerengedwe kameneka, zimene timu yachita yokha zimangotenga gawo limodzi mwa magawo anayi. Theka lathunthu limachokera pa mmene adani ake achitira, ndipo gawo lotsalalo pa mmene adani a adani akewo achitira. Tanthauzo lake n'lakuti timu imene yagonja katatu kwa zimphona ikhoza kukhala pabwino kuposa imene yapambana masewero onse ikumenya ofooka. Komanso nambala imeneyi imasinthasintha kwambiri masewero akadali ochepa, chifukwa adani ako nawonso sanaonetse maso awo. Kupambana kumene unakunyadira mu Seputembala kukhoza kupepuka mu Novembala zikadziwika kuti amene unawagonjetsawo aliyense akuwagonjetsa. Ngati masamu enieniwo amafuna kudekha, wochemerera akuthamangira kuti?

Pali chinanso chimene chimandikhudza kwambiri, ndipo n'chimene chandilembetsa. Osewerawa ndi ana a sukulu. Timu ya koleji imasintha chaka chilichonse: omaliza maphunziro amachoka, achichepere a zaka 18 amalowa, ena amasamukira kusukulu zina. Amakumana mu Ogasiti, amakonzekera masabata awiri kapena atatu, basi mpira wayamba. Mnyamata wochokera ku Ghana, wina ku Germany, wina wa m'tauni momwemo, ayenera kuphunzira kumvana pa bwalo kwinaku akuphunzira kumene kuli kalasi ndi kodyera. Mutu umodzi susenza denga, komanso mitu khumi ndi umodzi siisenza denga tsiku limene yakumana. Pamafunika nthawi kuti adziwane amene afupika ndi amene atalika. Timu zambiri zimayamba kuoneka chimene zili mu Okutobala momwemo, nthawi imene ife tazitaya kale.

Ndipo ana amenewa amawerenga zimene timalemba. Katswiri wa ku Ulaya wolandira mamiliyoni akanyozedwa, tingati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Koma mwana wa Division III amene makolo ake akulipira fizi, amene amadzuka m'mamawa kukathamanga kenako n'kukakhala m'kalasi, sanakwate kwa mphenzi. Akusewera chifukwa amaukonda mpira. Nkhaniyi ikutikhudzanso ife a kwathu, chifukwa njira imeneyi ana a mu Africa akuidutsa. Sukulu ya mpira ya Right to Dream ya ku Ghana inatumiza Abu Danladi, amene anasewera ku UCLA n'kukhala woyamba kusankhidwa pamene matimu a ligi ya MLS ya kuno ankatenga osewera atsopano mu 2017. Ku Lilongwe, Ascent Soccer nayo yatsegulira anyamata ndi atsikana khomo la maphunziro kuno. Mwana wotero akafika, chisanu chikumuluma koyamba, nsima kulibe, mayi ake ali kutali, miyezi iwiri yoyamba singakhale muyeso wa luso lake.

Ngati pali woyenera kukanganidwa naye, ndi kalendala imene imapanikiza masewero onsewa m'miyezi itatu. Kochi wa Maryland, Sasho Cirovski, wakhala zaka zambiri akulimbikitsa kuti nyengo itambasulidwe, iyambe monga mwa masiku onse n'kudzamalizira chaka chotsatira, kuti ana azisewera kamodzi pa sabata, matupi azipuma, ndipo asamajombe kwambiri m'kalasi. Ine ndili kumbali yake. Zambiri zimene timazitcha kutsika kwa timu ndi kutopa chabe. Miyendo imene yasewera masewero asanu m'masiku 16 singathamange ngati ya mu Ogasiti, ndipo sukulu imene ili ndi osewera ambiri pa benchi imaoneka yanzeru pamene kwenikweni yangokhala ndi miyendo yambiri yosinthanitsa.

Tsiku lija tikutuluka pabwalo, mnyamata uja anatipeza poimika magalimoto, akutsimphina pang'ono, chikwama kumsana. Anapatsa moni aliyense ndi manja awiri monga anaphunzitsidwira kwawo. Bambo uja wa foni anamufunsa kuti, "Nanga zikuvuta pati, mphwanga?" Iye anayankha mwaulemu kuti, "Ankolo, anzathu atatu a pakati ndi atsopano. Tayamba kumvana tsopano. Mubwere Lachitatu mudzaone." Sanalonjeze chikho. Anangopempha kuti munthu abwere adzaone ndi maso ake.

Inu amene mumatsatira mpira umenewu, kaya muli ku South Bend, ku Boston kapena mukuonera pa foni muli ku Area 25 chifukwa mwana wa mlongo wanu akusewera kuno, kanganani ndithu. Nenani kuti otchinga kumbuyo akuchedwa kubwerera, nenani kuti kochi akuchedwa kusintha osewera, ngati mwaziona. Koma musanalembe kuti timu yatha, funsani kuti yasewera ndi ndani, yasewera masiku ati, ndipo ndani wavulala. Mawu akuti "mwana uyu alibe ntchito" asungeni m'kamwa, chifukwa mwiniwake awawerenga usiku womwewo ali m'basi. Lachitatu likubwerali ine ndikakhala pa kampando kanga kopinda, ndipo bambo uja wa foni ndamusungira malo m'galimoto.