Musanagule galimoto, kachezeni kaye ndi makaniko wa kwanu

Pamene pakumana okonda magalimoto pa Mangochi, kaya ndi pa depoti, pamalo otsukira magalimoto kapena m'magulu a pa WhatsApp, mkangano wake ndi womwewomwewo chaka ndi chaka. Ena amalumbirira Toyota, amati Probox siifa, imangotopa. Abale athu obwera ku Joni amati galimoto ndi Polo, Golf kapena BMW, zinazi ndi ngolo chabe. Posachedwapa kwabweranso a magalimoto a hybrid monga Aqua ndi Prius, amene amangokulozera mzere wa pamalo omwetsera mafuta n'kukufunsa kuti wochenjera ndani.

Ine galimoto ndilibe. Ndine mwana wa sukulu, ndipo ku Monkey Bay kapena ku Namwera ndimapita nditapanikizika kumbuyo kwa Sienta. Koma wokhala kumbuyo ndi amene amamva kulira kwa mashokapu, ndiponso ndi amene amatsika kukakankha zinthu zikavuta. Kwa ine magulu onse atatuwa amakangana za dzina la pa boneti, n'kuiwala funso limene limatha ndalama za anthu: galimotoyo ikafa, aikonza ndani, nanga sipeya yake ipezeka kuti?

Magalimoto ambiri amene tikukanganiranawa ndi ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan. Kumeneko galimoto yatsopano imayesedwa ikatha zaka 3, kenako pakatha zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako ndi kokwera mtengo moti ambiri amaona kuti kuli bwino kugulitsa. Ife timaiona pa Be Forward kapena SBT ikunyezimira, timalipira madola, imatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowera pa Songwe, a MRA n'kutengapo msonkho wawo. Pofika pa Mangochi n'kuikidwa nambala ya MH, galimotoyo imakhala yalowa m'dziko limene oipanga sanalilotepo.

Taganizirani misewu yathu. Wochokera ku Liwonde ndi wa tala, koma mukaoloka mlatho wa Bakili Muluzi kulowera ku Namwera ndi Chiponde pali chitunda chimene chimatenthetsa injini pokwera ndi kupsereza mabuleki potsika. Msewu wa ku Makanjira anthu akhala akuudandaula kwa zaka zambiri: chilimwe ndi fumbi ndi mchenga, dzinja ndi matope. Onjezerani kutentha kwa mwezi wa October, pamene kunyanja kuno kumapitirira madigiri 35. Sienta inapangidwira anthu 7 oyenda pa misewu yosalala, koma kuno imanyamula anthu oposa pamenepo, matumba a usipa ndi zigubu pamwamba pake.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi a Toyota. N'zoona kuti Hiace ndi Corolla zakale makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amazidziwa ngati chikhatho chake. Koma Vitz, Sienta, Note ndi Fit zambiri zimene zikubwera lero zili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, imene imafuna oyilo wakewake. Mukathiramo oyilo wa giyabokosi wamba chifukwa ndi amene wapezeka pa shopu, imayamba kuterereka ndi kunjenjemera, mapeto ake n'kugula ina yathunthu. Dzina la Toyota silingakupulumutseni pamenepo.

A hybrid nawo ali ndi mfundo, pakuti aliyense amene wagonapo pa mzere wa mafuta zaka zapitazi, kapena kugula petulo wa m'chigubu pa mtengo wolilitsa, amadziwa kufunika kwa galimoto yosamwa kwambiri. Koma batire lalikulu la hybrid limadana ndi zinthu ziwiri zimene Mangochi ali nazo zochuluka, kutentha ndi fumbi. Limaziziritsidwa ndi kafani kokoka mpweya wa m'kati mwa galimoto, ndipo kakatsekeka ndi fumbi batire limafooka msanga. Kuti mudziwe chavuta, pamafunika kamakina kolumikiza ku kompyuta ya galimoto ndi munthu wodziwa kuwerenga zimene kakuonetsa. Ngati munthu woteroyo ali ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndalama zimene munapulumutsa pa mafuta zithera pa ulendo womutsatira.

Za Polo ndi BMW sindikana kuti ndi zokoma kuyendetsa. Ku South Africa masipeya ake ali ponseponse, ndipo Polo imapangidwa komweko. Koma tonse taonapo magalimoto okongola a nambala za GP atakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira, eni ake akudikira kachitsulo kamodzi kuti kabwere ndi munthu wochokera ku Johannesburg. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso nkhani ya kwacha. Mu November 2023 ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tayala, oyilo, batire ndi mabuleki zonse zimagulidwa kunja, choncho zinakwera nawo. Thumba likapanikizika, choyamba kuchedwetsedwa ndi sevisi: tayala lotha amati liyendebe mwezi wina, mabuleki akamalira amangokweza wailesi. Pamenepo nkhani yasiya kukhala ya mwini galimoto yekha, yafika pa miyoyo ya ife okwera, ana opita ku sukulu ndi akabaza a m'mbali mwa msewu. Pepala la COF lomatidwa pa galasi siliimitsa galimoto pa chitunda.

Dziko lathu silipanga magalimoto, ndiye ntchito ya zamagalimoto imene tili nayo ndi yokonza. Chondidabwitsa n'chakuti ife a ku yunivesite timamuona makaniko ngati munthu amene sukulu inamukanika, chonsecho iye ndi amene akuyendetsa boma lonse la Mangochi, kuyambira maambulansi mpaka malole a nsomba. Magalimoto asintha, ali ndi makompyuta ndi mawaya ambirimbiri, koma anyamata ambiri a m'magalaja akuphunzirabe poyang'anira bwana wawo amene anaphunzira pa injini zakale. A TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja akanachita bwino kufikira amakaniko amene ali kale pa ntchito ndi maphunziro afupiafupi a zamagetsi a galimoto, a CVT ndi a hybrid, kuno komwe kunyanja.

Anzanga amene mukumaliza sukulu, ndikudziwa kuti malipiro oyamba akangolowa, maso amathamangira pa intaneti kukasankha galimoto, mwinanso ya ngongole ya ku banki. Kukonda galimoto si tchimo. Koma musanatumize madola, pitani pa galaja ya kwanu, mukamufunse makaniko ngati mtundu umenewo anautsegulapo, ngati sipeya yake imapezeka pa Mangochi kapena ku Limbe, ndiponso kuti sevisi imodzi imadya zingati. Akayamba kukanda mutu, sankhani ina.