Mbala ya m'sewero: tilowererepo liti?

Sewero la Dungeons & Dragons linatuluka ku America mu 1974, ndipo analikonza ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson. Osewera amakhala mozungulira tebulo, aliyense n'kudzisankhira munthu wongopeka woti akhale iyeyo m'nthano, monga wankhondo, wamatsenga kapena wansembe. Mmodzi, wotchedwa Dungeon Master, ndiye amasimba nthanoyo ndi kuweruza, pomwe madayisi, makamaka la mbali 20, amagamula ngati chimene munthu wayesa chatheka. Mu 1975 buku la Greyhawk linawonjezerapo mbala, katswiri wotsegula maloko ndi kupisa m'matumba.

Kholo likamva kuti mwana wake ndiye mbala m'sewerolo, mtima umadumpha. Koma tisafulumire kuweruza. Amene wasewera Herode pa sewero la Khirisimasi sasanduka wakupha ana. Mbala ya m'nthano ikazembetsa makiyi a ndende kuti ipulumutse anzake, onse pa tebulo amasangalalira limodzi, ndipo palibe wolakwiridwa.

Vuto limabuka mbalayo ikatembenukira anzake a ulendo umodzi. Gulu lavutikira chuma kwa masabata angapo, koma mmodzi akupereka kakalata mobisa kwa woweruza kuti wasolola mphete ya mnzake ali m'tulo. Akafunsidwa amati: "Si ine, ndi khalidwe la munthu wanga." Komatu munthu wongopekayo alibe manja, wasankha kuba ndi amene wakhala pa mpando. Golide ndi wabodza, koma nthawi imene mnzakeyo anataya, manyazi ake ndi kukhumudwa kwake ndi zenizeni. Tikumbuke kuti Yudasi, monga tiwerenga pa Yohane 12:6, ankaba m'thumba la gulu lake lomwe, la anthu amene ankamukhulupirira.

Choncho ife tikuti nthawi yolowererapo ndi pamene kuba kwachoka m'nthano n'kuyamba kupweteka munthu weniweni. Zizindikiro zake sizisowa: wina wangoti zii, kuseka kwatsala kwa mmodzi yekha, kapena amene amaberedwa ndi yemweyemweyo, kawirikawiri wamng'ono kapena mlendo.

Nanga tilowerere bwanji? Woweruza asabwezere m'nthano potumiza chinjoka kuti chikadye mbalayo, pakuti kutero n'kubisa chidzudzulo, ndipo wolakwayo amangoti madayisi amukana. Njira ya pa Mateyu 18:15 ndiyo yabwino: sewero liime, ndipo wolakwayo auzidwe pambali, mofatsa, chimene chapweteka mnzake. Akapanda kumva, nkhaniyo ikambidwe ndi gulu lonse. Chabwino koposa ndi kupangana sewero lisanayambe ngati kuberana n'kololedwa kapena ayi.

Makolo, m'malo mongoletsa, afunseni ana anu kuti: "Kodi amene munamubera uja anaseka nawo?" Wakutsina khutu ndi mnansi. Mwana amene waphunzira kubweza mphete yongopeka chifukwa cha nkhope yakugwa ya mnzake, sadzavutika kubweza yeniyeni.